Annie Moore ndi Mboni ya Nyuzipepala Yakale



M'nyumba zambiri muli sutikesi kapena bokosi limene silitsekulidwa wambawamba. M'menemo mumagona makalata akale, zithunzi zofwifwa, makadi a ubatizo, ndipo nthawi zina mumapezekanso kachidutswa ka nyuzipepala kamene kanadulidwa ndi lumo zaka zambiri zapitazo, kopindidwa kanayi, kofiirira ndi ukalamba. Pa kachidutswako pamakhala dzina la gogo amene anachokera kutali. Ana ndi adzukulu akafunsa za chiyambi cha banja lawo, akuluakulu amakatulutsa nati, "Si izi, zinalembedwa m'nyuzi." Mau amenewa amatseka pakamwa aliyense, pakuti ambiri a ife tinakula tikukhulupirira kuti chinthu chikasindikizidwa ndiye kuti mlandu watha.

Lero ndifuna kuti tiganizire pamodzi ngati chikhulupiriro chimenechi chili ndi maziko. Kuti titero, ndikutengani ulendo wa ku America, dziko limene anthu ake ambiri ndi zidzukulu za obwera, ndipo kufufuza mbiri ya makolo ndi ntchito imene amaikonda kwambiri. Ndikusimbirani za mtsikana wina wa ku Ireland, dzina lake Annie Moore, amene nyuzipepala zinamtchukitsa tsiku limodzi, kenaka zinamuiwala, ndipo patapita zaka zinapereka ulemu wake kwa munthu wina.

Pa doko la mzinda wa New York pali kachilumba kotchedwa Ellis Island. Pa 1 Januwale 1892 boma la America linatsekula pamenepo malo olandirira anthu osamukira m'dzikolo kuchokera kutsidya la nyanja. Kuyambira chaka chimenecho kufikira 1954, pamene malowo anatsekedwa, anthu oposa 12 miliyoni anadzera pa kachilumbako. Ankaonedwa ndi madokotala, ankafunsidwa mafunso, ndipo ochuluka ankaloledwa kulowa m'dziko, pamene ochepa ankabwezedwa kwawo.

Pa 20 Disembala 1891 sitima ya pamadzi yotchedwa Nevada inanyamuka pa doko la Queenstown ku Ireland, limene tsopano limatchedwa Cobh. Pakati pa anthu osauka amene anakwera m'chipinda cha pansi, cha mtengo wotsika, panali Annie Moore ndi alongo ake awiri aang'ono, Anthony ndi Philip. Anawa ankatsata makolo awo, amene anali atatsogola kale ku New York kukafuna ntchito. Anadyera Khirisimasi pa nyanja, nafika pa doko tsiku lotsiriza la chaka. M'mawa mwake anatengedwa kupita ku Ellis Island, ndipo Annie ndiye anakhala munthu woyamba kulembedwa m'kaundula wa malo atsopanowo. Mkulu woyang'anira za obwera pa dokolo, Colonel John B. Weber, anampatsa ndalama ya golide ya madola 10. Atolankhani anali pomwepo. Tsiku lotsatira nyuzipepala zinasimba za mtsikana wa zaka 15, ndipo zina zinaonjeza kuti tsiku limenelo linali lokumbukira kubadwa kwake. Nkhaniyo inakoma ngati nthano: chaka chatsopano, malo atsopano, dziko latsopano, ndi mwana woyamba moyo watsopano pa tsiku la kubadwa kwake.

Zitatha izi, Annie analowa mu mzinda ndi makolo ake, ndipo panalibe mtolankhani ndi mmodzi yemwe amene anamlondola. Dzina lake linazimirira.

Patapita zaka pafupifupi 100, anthu a ku America anakonzanso nyumba za pa Ellis Island, ndipo mu 1990 anatsekulapo malo osungiramo zinthu zakale. Pokonzekera chikondwerero cha mu 1992, funso linabuka: kodi mtsikana woyamba uja anathera kuti? Yankho linachokera ku banja lina limene gogo wawo wamkazi analinso Annie Moore. Mbiri imene inafala inati Annie anasamukira kumadzulo kwa dzikolo mpaka ku Texas, nakwatiwa ndi mwamuna wa mtundu wa O'Connell, amene ankati ndi wa magazi a Daniel O'Connell, mtsogoleri wotchuka wa anthu a ku Ireland, ndipo pomaliza anafa pangozi atagundidwa ndi sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni. Nyuzipepala zinailandira mbiriyi ndi manja awiri. Ina inatengera kwa inzake, mabuku anatengera ku nyuzipepala, ndipo pasanapite nthawi yaitali aliyense ankainena ngati chinthu chodziwika. Mu 1993 anaimika ziboliboli ziwiri za Annie, zosemedwa ndi mai Jeanne Rynhart, china pa doko la Cobh, china pa Ellis Island, ndipo Pulezidenti wa Ireland wa nthawi imeneyo, mai Mary Robinson, ndiwo anazivundukula. Zidzukulu za Annie wa ku Texas zinkaitanidwa ku miyambo yotere monga eni ake a mbiri.

Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti anthu a banja limenelo sanali onyenga. Gogo wawo analidi Annie Moore, ndipo msinkhu wake sunali kutali ndi wa mtsikana wa m'nyuzipepala uja. Iwo anangochita zimene ambiri a ife tikanachita: anaona dzina lofanana, namva nkhani yokoma, naziphatikiza. Cholakwa chachikulu chinali cha awo amene anasindikiza nkhaniyo popanda kufunsa umboni.

Munthu amene anagwedeza mbiriyi ndi mai wina wodziwa kufufuza mizere ya mabanja, dzina lake Megan Smolenyak. Iye sanayambe ndi cholinga chotsutsa wina aliyense. Ankangofuna mapepala otsimikizira zimene aliyense ankanena. Koma atapeza zolembedwa za boma zokhudza Annie wa ku Texas, anaona kuti pa malo olembapo kumene munthu anabadwira panalembedwa Illinois. Tsono Illinois ndi chigawo cha America momwemo. Munthu wobadwira m'dzikolo sakanakhala mlendo wodzera pa Ellis Island. Mau amodzi okhawo anagwetsa nyumba yonse. Komabe kudziwa kuti uyu si iyeyo ndi theka chabe la ntchito, pakuti funso linatsalabe: nanga mwini wake ali kuti?

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mu 2006 mai Smolenyak analengeza pa intaneti kuti adzapereka madola 1,000 kwa aliyense amene angabweretse umboni wa kumene Annie weniweni anathera. Ofufuza ambiri anaigwira ntchitoyo, yense ndi mbali yake, ndipo m'masabata 6 mfundo inamasuka. Chochititsa chidwi ndi chakuti kiyi sanali pa dzina la Annie. Mtsikana akakwatiwa dzina la bambo wake limatayika m'mapepala, ndiponso ana aakazi otchedwa Annie Moore anali ambirimbiri. Ofufuzawo analondola alongo ake. Brian Andersson, amene pa nthawiyo anali mkulu wosunga zolembedwa za mzinda wa New York, anapeza pepala limene Philip Moore analemba popempha unzika wa America, ndipo pepalalo linatchula sitima imene anabwerera: Nevada. Phazi la Philip linawafikitsa ku banja lonse, mpaka kwa abale amoyo. Mu Seputembala 2006 zotsatira zake zinalengezedwa poyera.

Annie weniweni sanapite ku Texas. Sanapite kulikonse. Anakhala moyo wake wonse m'dera la anthu osauka la kumunsi kwa Manhattan, lotchedwa Lower East Side, mtunda wochepa kuchokera pamene anatsikira. Mu 1895 anakwatiwa ndi Joseph Augustus Schayer, mwana wa munthu wochokera ku Germany, amene ankagwira ntchito pa msika wa nsomba wa Fulton. Anabereka ana osachepera 10, ndipo theka la iwo anawaika m'manda ali aang'ono. Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 6 Disembala 1924 ali ndi zaka 50. Ndipo kaundula wa ana obadwa ku Cork anasonyeza kuti iye anabadwa pa 24 Epulo 1874. Ndiye kuti pa tsiku lija anali ndi zaka 17, osati 15, ndipo 1 Januwale silinali tsiku la kubadwa kwake. Motero nyuzipepala zinaphonya kawiri: mu 1892 zinaphonya msinkhu wake, ndipo patapita zaka 100 zinaphonya munthu amene.

Omvera, nkhani imeneyi ili ndi maphunziro kwa aliyense amene ali ndi kachidutswa ka nyuzipepala m'sutikesi, ndipo ndifuna kutchulako anayi.

Phunziro loyamba ndi lakuti tidziwe m'mene nkhani ya m'nyuzipepala imabadwira. Mtolankhani amafika pa malo podzaza anthu ndi phokoso. Ali ndi maola ochepa makina osindikizira asanayambe kulira. Amafunsa mlendo wotopa, amene mwina chilankhulo chake n'chosiyana ndi chake, namva dzina ndi khutu, nalilemba m'mene wamvera. Sapempha kalata ya ubatizo. Kumene sanamve bwino amadzaza ndi zimene zikuoneka zoyenera, ndipo mkonzi ku ofesi amasankha zimene zingakope ogula. Pa bwalo la milandu kumudzi, mfumu yanzeru imafunsa mboni funso limodzi isananene zambiri: "Kodi munaona, kapena munamva?" Tiyenera kuifunsa nyuzipepala funso lomwelo, chiganizo ndi chiganizo. Mtolankhani wa mu 1892 anaona ndi maso ake mtsikana akulandira ndalama ya golide, ndipo pamenepo ndi mboni yabwino. Koma zaka za mtsikanayo anachita kumva. Tikumbukirenso kuti nyuzipepala 10 zimene zatengera nkhani pa gwero limodzi si mboni 10. Ndi mboni imodzi imene yalankhula ka 10.

Phunziro lachiwiri ndi lakuti dzina si munthu. Masiku ano nyuzipepala zakale zambiri zinaikidwa pa intaneti, ndiponso kuyambira mu 2001 maina a anthu amene anafika pa doko la New York m'zaka za Ellis Island amapezeka pa kompyuta. Munthu amangolemba dzina la agogo ake, ndipo m'kamphindi nkhani zimatuluka. Apa ndiye pali msampha, pakuti chopezeka msanga chimakhulupiriridwanso msanga. Ife amene tili ndi a Phiri, a Banda ndi a Mwale m'mudzi uliwonse sitiyenera kuuzidwa zimenezi kawiri. Mphika sukhazikika pa fuwa limodzi. Umafuna mafuwa atatu. Chimodzimodzinso munthu wakale: dzina ndi fuwa limodzi, malo ndi nthawi ndi fuwa lachiwiri, ndipo abale ake ndi fuwa lachitatu. Annie wa ku Texas anali ndi dzina lokha. Analibe mlongo Anthony, analibe mlongo Philip, analibe sitima ya Nevada. Chimene chinapeza Annie weniweni ndi fuwa lachitatu lija. Ngati kholo lanu likusowa m'mapepala, londolani mlongo wake, mlamu wake, kapena mnzake amene anayenda naye.

Phunziro lachitatu ndi lakuti pepala lililonse tilifunse kuti analilemba ndani, liti, ndipo anamuuza ndani. Ku Ireland boma linayamba kulemba ana onse obadwa mu 1864. Kaundula wotere amalembedwa mwana akadali wakhanda, pa mau a kholo kapena wina amene analipo, ndipo palibe amene amapindula ponama za tsikulo. Ndicho chifukwa chake kaundula wa mu 1874 amaposa nyuzipepala ya mu 1892 pa nkhani ya kubadwa. Izi sizitanthauza kuti pepala la boma sililakwa. Kalata ya imfa ndi mboni yamphamvu pa tsiku limene munthu anamwalira, koma ndi yofooka pa chaka chimene anabadwa, chifukwa amene amayankha mafunso ndi namfedwa, amene sanalipo pa kubadwako ndipo mutu wake uli pa maliro. Kaundula wa okwera sitima naye amanyamula zimene wokwerayo ananena, ndipo anthu ankachepetsa kapena kuonjeza zaka zawo pa zifukwa zawo. Choncho wofufuza wabwino sagonera pepala limodzi. Amasonkhanitsa mapepala angapo amene sanaonerane polembedwa, nawaika pamodzi, naona pamene akugwirizana.

Phunziro lachinayi ndi lakuti tichenjere ndi nkhani yokoma kwambiri. Mbiri ya ku Texas inafala chifukwa inali ndi zonse zimene mtima umafuna: ulendo wautali, ukwati wa ku banja lotchuka, ndi imfa yomvetsa chisoni. Ya mai wa pa Cherry Street, wolera ana m'nyumba ya lendi ndi kuika maliro chaka ndi chaka, inalibe chokopa ogula nyuzipepala. Palinso nkhani ina imene mabanja ambiri a ku America amaikonda, yakuti akalaliki a pa Ellis Island ndiwo anasintha maina a makolo awo chifukwa cholephera kuwatchula. Akatswiri a mbiri anasonyeza kuti sizinali choncho. Maina ankalembedwa m'kaundula wa sitima ku doko lonyamukira, ndipo ntchito ya akalaliki a pa chilumba inali kufananiza munthu ndi zimene zinalembedwa kale, mothandizidwa ndi omasulira. Ambiri amene maina awo anasintha anawasintha okha pambuyo pake, pofuna ntchito kapena pofuna kufanana ndi anzawo. Koma kunena kuti mlendo wankhanza anatilanda dzina kumamveka bwino kuposa kunena kuti agogo analisiya okha. Nkhani ikatikomera m'khutu, pamenepo ndiye tifunsitse.

Tsono wina angafunse kuti, kodi kachidutswa kaja tikaponye pamoto? Ayi ndithu. Nyuzipepala zomwezo za mu 1892, zimene zinaphonya zaka za Annie, ndizo zinasunga zoona zina zofunika: sitima imene anakwera, alongo ake awiri, ndi mfundo yakuti makolo ake anali kale mu New York. Anthu akanawerenga mosamala, akanayamba kufufuza mu mzinda momwemo asanathamangire ku Texas. Komanso mapepala a boma amapsa. Mu Juni 1897 nyumba zamatabwa za pa Ellis Island zinanyeka ndi moto pamodzi ndi zolembedwa zambiri. Mu 1921 moto wina ku Washington unaononga mbali yaikulu ya kalembera wa anthu wa mu 1890. Mu 1922, pa nkhondo ya pachiweniweni ku Ireland, nyumba yosungiramo zolembedwa za dziko ku Dublin inapsa, ndipo mabanja ambiri anataya mbiri yawo tsiku limodzi. Pamene zotere zachitika, kankhani ka m'nyuzipepala kangakhale kokhako kamene katsala. Nyuzipepala yakale ili ngati munthu wa pa mphambano amene amaloza njira. Timamthokoza, timatsata kumene waloza, koma sitimanga nyumba pa mphambanopo.

Nanga ngati tafufuza ndithu ndipo umboni wina wasowa? Chichewa chathu chinatipatsa kale mau oyenera, ndiwo "akuti". Polemba mbiri ya banja tisiyanitse zimene tatsimikiza ndi zimene tamva. Tilembe kuti, "Nyuzipepala yakuti, ya tsiku lakuti, akuti inanena zakuti, koma sitinapeze mboni ina." Mau amenewa sachotsa ulemu wa kholo. Amasiyira mdzukulu wa mawa khomo lotsekula, kuti akadzapeza pepala limene ife tinalephera kulipeza, adzadziwe poyambira. Wochotsa "akuti" pa nkhani yakumva ndiye amabala bodza, ngakhale asakufuna.

Nkhaniyi yachitikira kutali, koma si yachilendo kwa ife. Nafenso ndife mtundu wa apaulendo. Makolo athu ambiri anapita ku migodi ya Johannesburg, kumene tinkangoti ku Joni, ena kudzera ku Wenela, ena ndi miyendo yawo. Ena anapita ku mafamu ndi m'matauni a Southern Rhodesia, ena ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia. Ambiri anatchona. Lero ku Harare, ku Bulawayo, ku Kitwe ndi ku Johannesburg kuli zidzukulu zimene zimangodziwa kuti agogo anachokera ku Nyasaland, ndipo zimagwira dzina lililonse lofanana limene zalipeza m'pepala lakale. Kwa iwo mafuwa atatu aja ndi ofunika koposa, pakuti dzina la pa chitupa silinali nthawi zonse dzina la kumudzi. Chimene chimapeza munthu wotere ndi mfunda wake, dzina la mfumu ya mudzi wake, boma limene ankakhomera msonkho, mishoni imene anabatizidwira, ndi maina a abale ake. Nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko la Malawi ku Zomba, pamodzi ndi mabuku a ubatizo ndi a ukwati a m'mipingo, ndiwo malo oyesera zimene tamva. Koma tisanapite kumeneko, tikhale pansi ndi okalamba amene tikadali nawo, tiwafunse, ndipo tilembe dzina la wonena ndi tsiku limene ananena. Tisaiwalenso kuwafunsa funso la mfumu lija, mwaulemu wake: "Agogo, kodi izi munaona, kapena munamva kwa yani?" Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndisanatsirize, tibwerere kwa Annie. Ofufuza aja atapeza kalata ya imfa yake, anapita ku manda a Calvary, m'dera la Queens mu New York momwemo. Anapeza kuti mai amene chiboliboli chake chinaimikidwa mbali zonse ziwiri za nyanja ya Atlantic anagona pamodzi ndi ana ake angapo pa malo opanda chizindikiro chilichonse. Alendo zikwizikwi ankajambulitsa pa chiboliboli chake, nawerenga mbiri ya munthu wina, pamene mwini wake anali pansi pa udzu, mtunda wochepa chabe. Mu Okutobala 2008, patapita zaka pafupifupi 84 chimwalirire, abale ake ndi anthu akufuna kwabwino anaimika chiliza pa mandapo, mtanda wa mwala wochokera ku Ireland, wolembedwa dzina lake.

Kwathu kuno timadziwa kulemera kwa chiliza, ndipo palibe banja limene lingalole kuti chimangidwe pa manda olakwika. Mbiri ya banja ndi chiliza chomangidwa ndi mau. Tisanalembe dzina la kholo pa nkhani imene taipeza m'nyuzipepala yakale, titsimikize kuti wagona pamenepo ndi wathu. Mwina kholo limene tidzalipeze silidzakhala lotchuka monga tinkayembekezera. Mwina lidzakhala munthu wamba amene anagwira ntchito, nalera ana, naika maliro, namwalira osatchulidwanso m'nyuzi. Koma ameneyo ndiye anatibala, ndipo ulemu ndi wake.